Kodi ojambula nthano za m'zithunzi amapezeka kuti?

Funso: Akonzi, mwana wanga amakonda kujambula nthano za m'zithunzi, ndipo tikukhala ku Johannesburg. Kodi angakumane kuti ndi akatswiri a luso limeneli?

Yankho: Mayi, mupite naye ku Comic Con Africa, chionetsero cha nthano za m'zithunzi ndi zisangalalo zina chimene chinayamba mu 2018 ku Kyalami, m'dera la Johannesburg. Ku chionetserochi kumakhala gawo lotchedwa Artist Alley, kumene ojambula a m'dzikomo amakhala pa matebulo ang'onoang'ono, kugulitsa okha mabuku awo ndi kusainira owagula. Ambiri amasindikiza ndi ndalama za m'thumba mwawo, choncho mukagula buku ngakhale limodzi mwawathandiza kwambiri. Mwanayo atenge zojambula zake kuti akatswiriwo akazione ndi kumulangiza. Mumufunirenso Kwezi, nthano ya Loyiso Mkize, aone ngwazi yachinyamata yofanana naye khungu.