Chibwerereni ku Makanjira ndikugona ndi buluku

Azakhali,

Ndine bambo wa zaka 34, ndimakhala ku Mpondasi ndipo ndimachita geni ya usipa. Masabata awiri apitawo ndidapita ku Makanjira kukapikula. Kunali mwera, asodzi sadalowe m'madzi masiku atatu, ndiye tinkangokhala pa resitihausi n'kumamwa. Usiku wina ndidagona ndi mayi wina amene ngakhale dzina lake lenileni sindikulidziwa. Ulendo woyamba kondomu inalipo, wachiwiri panalibe.

Chibwerereni tulo ndilibe. Ndikapita kokataya madzi ndimadziunika ndi tochi ya foni. Dzana thupi lidatentha, pakhosi pakuwawa, ndiye ndidagula makapisozi pagolosale, ndamwapo anayi. Mayi a kunyumba akuyamwitsa mwana wa miyezi isanu ndipo tinali titayambiranso kukhala malo amodzi. Pano ndikugona ndi buluku, kunamizira malungo. Kuchipatala cha paboma ndikuopa, ondidziwa ndi ambiri. Kodi ndatenga kachilombo?

Wodandaula, Mpondasi

Bambo a mwana,

Ndiyambe ndi bulukulo. Pa zonse mwachita chichokereni ku Makanjira, chanzeru ndi chimenecho basi. Musavule kaye.

Funso lanu sindingaliyankhe ine, ndipo tochi ya foniyo singaliyankhenso. Kuno ku Mangochi kutentha thupi nthawi zambiri amakhala malungo. Komabe sindikunamizani, ena akangotenga HIV amamva ngati chimfine pakatha masabata awiri kapena anayi, pomwe ena samva kalikonse. Choti chikukhazikeniko mtima pansi ndi ichi: ambiri amene agona ndi munthu usiku umodzi wokha satenga kachilomboka, ndipo ngati mayiyo ali nako koma amamwa ma ARV mokhulupirika mpaka tizilombo kusiya kuoneka m'magazi, sangakupatsireni. Koma inu simukumudziwa ndi dzina lomwe, ndiye zongoganizira tizisiye.

Chikundipweteka n'choti mwachedwa ndi PEP. Awa ndi mankhwala amene munthu amayamba pasanathe maola 72 chichitikireni ngoziyo, n'kumwa masiku 28, ndipo m'zipatala za boma ndi aulere. Mukadangotsika galimoto n'kulunjika kuchipatala, bwenzi tikukamba zina. Madzi akatayika saoleka. Ndalembera ena amene awerenge izi m'mawa wa tsiku lotsatira, mutu ukuwawabe ndi mowa.

Mawa pitani mukayezetse. Akubayani pachala, pakangotha mphindi zochepa mwamva. Zotsatira za mawazo zikuuzani mmene munalili musanapite kunyanja, osati za usiku ujawu, chifukwa thupi limatenga masabata lisanaonetse chizindikiro chimene kachipangizo koyezera magaziko kamafufuza. Aphungu akupatsani tsiku lobwereranso, ndipo yankho loti mugonerepo tulo ndi la pakatha miyezi itatu. Kachipangizo kodziyeza wekha m'kamwa nako n'chimodzimodzi, sikathamangira nthawi.

Inu maganizo onse ali pa HIV, pomwe chinzonono ndi chindoko ndiye sizichedwa kumata. Chinzonono kwa bambo kawirikawiri chimaonekera sabata isanathe: kuwotcha pokodza, mafinya, kabudula wam'kati kuthimbirira. Koma ena amakhala nacho mwakachetechete, makamaka amayi. Chindoko ndiye kathyali. Chimayamba ndi kachilonda kosapweteka pakatha masabata atatu kapena kuposerapo, kachilondako n'kupola kokha, munthu n'kumati wachira pomwe matenda alowa m'magazi. Zonsezi zimachizika, chindoko ndi jakisoni wa penicillin. Ndipo poti ndinu munthu wa kunyanja, mukaona timagazi pothera mkodzo musakomoke. Kawirikawiri amenewo amakhala likodzo, koma mukanene ndithu.

Za makapisozi a pagolosale ndiye mwalakwitsa. Anayi amenewo HIV saikhudza n'komwe, koma atha kuziziritsa zizindikiro za chinzonono osachipha, mawa n'kudzavuta kuchiza. Siyani. Otsalawo muwaike m'thumba mukawaonetse adokotala, muwauze tsiku lenileni limene mudagona ndi mayiyo. Musakazungulire ngati mukupempha ngongole.

Mukuti paboma akudziwani. Nanga pamzere wa kuchipatala amalemba pachipumi chimene munthu wabwerera? Ngati manyazi akukulirani, kwerani minibasi ya ku Monkey Bay, kapena muwoloke mlatho wa Bakili Muluzi mupite ku Malindi. Ndalama ya ulendo umenewo sifika n'komwe pa imene mudasiya pa resitihausi ija.

Tsopano nkhani yeniyeni, ya mayi a mwana. Mayi akatenga HIV ali mkati moyamwitsa, tizilombo timachuluka kwambiri m'masabata oyambirira, ndipo mwana angathe kuyamwira kubere. Ndiye apa sipali moyo wanu wokha, pali anthu atatu. Mpaka miyezi itatu ikwane, kaya mudzigwira, kaya kondomu ulendo uliwonse, osati woyamba wokha ngati ku Makanjira.

Nanga malungo anuwo atha miyezi itatu? Mayi amene amakuchapirani zovala waona kale kuti mbale ya nsima ikubwerera ndi mitanda iwiri. Akungokuyang'anani. Ine ndikuti muwauze nokha, mwana atagona, pasakhale mlamu kapena apongozi pafupi. Musanamizire mowa, musanamizire mwera. Akalipa, alira, mwina anyamula mwana kupita kwawo masiku angapo, ndipo pamenepo ankhoswe ndiye ntchito yawo. Koma kumva kwa inu n'kosiyana ndi kudzamva ku sikelo, kapena kulandira kapepala kochokera kuchipatala koti nawonso akalandire mankhwala a chinzonono. Mukatha kulankhula, apempheni mukayezetse limodzi. Akakana lero musawakakamize, mwawalakwira ndinu.

Geni ya usipa simusiya, ndipo mwera udzabweranso chaka chamawa. Mukakhala ndi aphungu mawa, afunseni za PrEP, mankhwala oteteza ku HIV amene munthu amayambiratu ngozi isanachitike, ngakhale chinzonono ndi chindoko satchinga. Ndikadakonda mukadamangogona nokha kunyanjako, koma ndakula, ndaona zambiri.

Mundilemberenso miyezi itatu ikakwana. Ndipo makapisozi aja musaiwale kunyamula.

Azakhali