Mukakumana ndi bwato la anthu othawa kwawo pa Mediterranean

Achimwene, poti sitima yanu imadutsa pakati pa Libya ndi Italy, mukaona bwato lachubu lodzaza anthu musaliyandikire ndi sitima yaikuluyo. Kaputeni adziwitse kaye MRCC (likulu loyang'anira ntchito yopulumutsa anthu panyanja) ya ku Rome kapena Malta, alengezenso pa wailesi ya VHF channel 16 (yoitanirapo thandizo panyanja), atchule malo a GPS, chiwerengero cha anthu ndiponso ngati bwatolo likulowa madzi. Kenako tsitsani kaboti kakang'ono, mugawe ma life jacket musananyamule ngakhale munthu mmodzi.

Anthu akaona thandizo amathamangira mbali imodzi, bwato n'kutembenuzika. Mu Epulo 2015 bwato lina linagunda sitima ya katundu ya King Jacob yomwe inabwera kudzathandiza, anthu mazanamazana n'kumira. Pakhale mmodzi wolankhula mofatsa, kuwauza akhale pansi.

Muyang'anitsitse amene akhala pakati, kawirikawiri amayi ndi ana. Pamenepo m'pomwe petulo amasakanikirana ndi madzi amchere n'kumawotcha khungu mwakachetechete. Avuleni zonyowazo, asambe ndi madzi abwino ndi sopo, muwafunditse. Akakhalapo wokomoka, woyembekezera kapena wopuma movutikira, imbirani madokotala a CIRM (bungwe lopereka malangizo achipatala kwa anthu a m'sitima) ku Rome msangamsanga.