Udzu wa ng'ombe umwetedwe liti?

Mayi wina wandilembera imelo. Akuti bambo awo anawasiyira ng'ombe, ndiye akufunsa ngati adikire udzu utalike kaye kuti adzamwete wochuluka woti aumitse n'kusunga. Mayi, mwandikumbutsa mkangano umene unkabuka chaka ndi chaka pakati pa agogo ndi amalume.

Amalume ankafuna mulu waukulu, woti odutsa m'njira aziuona. Agogo ankangolowa m'munda, kuthyola ngala imodzi ya udzu, kuiyang'anitsitsa, n'kunena kuti mawa tinole mazenga. Udzuwo unali utangoyamba maluwa, ukadali wobiriwira. Anafe tinkang'ung'udza, poti zenga la tsiku lonse limatulutsa matuza m'manja. Kenako kuutembenuza padzuwa, tizitsotso tikukuyabwa m'khosi mpaka usiku. Mtambo ukangoda, aliyense liwiro kukawola udzuwo, ngakhale amene wadwala mutu.

Ndinene mosapsatira, agogo ndiwo ankakhoza. Udzu ukabereka njere, zomanga thupi zimachepa, zotsala ndi timitengo tokhatokha. Ng'ombe imadzaza mimba koma nthiti zili pamtunda. Onyadira kukula kwa mulu amanditopetsa, chimodzimodzi amene amati ng'ombe imadzionera yokha. Yokha bwanji? Ng'ombe ya makilogalamu 300 imafuna udzu wouma wa makilogalamu 7 kapena 8 tsiku lililonse, madzi osawerengera. Nanga nkhupakupa idzichotse yokha? Agogo ankayamba tsiku m'khola, kutukula mchira wa iliyonse, kusuzumira m'makutu. Ikasiya kubzikula, ankadziwa kuti yadwala isanagone n'komwe. Masiku ano ena amaweta pafoni, kufunsa mnyamata woweta kuti zili bwanji, iye n'kumangoti zili bwino.

Za kaumitsidwe

Apa musachite mphwayi. Udzu wosungidwa chinyezi chikuposa 20 peresenti umachita nkhungu, umatentha mkati, ndipo mulu waukulu utha kuyaka wokha popanda woika moto. Agogo ankapotokola kamtolo m'manja. Kakalira kuti tswa koma osatuluka madzi, ankagwedeza mutu kuti tinyamule.

Ndiye mayi, musadikire. Mwetani utangoyamba maluwa, kukakhala dzuwa la masiku awiri kapena atatu otsatizana. Muziutembenuza, koma usapse mpaka kuyera. Sungani pathandala pansi pa denga, usakhudze dothi, ndipo sabata zoyambirira muzipisa dzanja mkati mwa mulu. Mukamva kutentha, phwasulani uumenso.