Ndege ikakanselidwa musangoti "bola tafika"

Ife Amalawi tinaleredwa kuti munthu sachita makani pagulu. Khalidwe limeneli ndi labwino, koma pa bwalo la ndege limatiluzitsa ndalama zambiri. Munthu wagwira mashifiti a usiku chaka chathunthu, wapempha tchuthi, wagula tikiti yodula ya mu Disembala, masutikesi adzaza ndi katundu wa abale. Pofika ku Heathrow kapena ku Manchester akumva kuti ndege sinyamuka lero. Akamupatsa ya mawa kapena ya mkuja amangoti zikomo kwambiri, nkhani n'kuthera pomwepo. Abale anga amene mwangofika kumene kuno ku UK, dziwani kuti nthawi zambiri pamenepo pamakhala ndalama yanu yachipukuta misozi. Si chifundo cha kampani ayi, ndi lamulo. Koma sadzakuponyerani mu akaunti musanaifunse.

Lamuloli linayambira ku European Union, nambala yake ndi 261 la chaka cha 2004, ndipo linayamba kugwira ntchito mu 2005. UK itatuluka mu EU inalisunga, n'chifukwa chake mudzamva anthu akuti UK261 kapena EU261. Ndalama yake imatengera kutalika kwa ulendo, osati mtengo wa tikiti. Ulendo wosapitirira makilomita 1,500 ndi £220, wofika mpaka makilomita 3,500 ndi £350, woposa pamenepo ndi £520. Ulendo wa kumudzi uli m'gulu lomalizali. Ngati ndege ina imene akupatsani yakufikitsani mochedwa ndi maola osakwana 4, ndalamayo imadulidwa pakati, n'kukhala £260. Kwa anzathu a ku Ireland, ku Germany ndi maiko ena a EU, ndi €250, €400 ndi €600. Ndipo ndi pa mutu uliwonse. Bambo, mayi ndi ana awiri olipiridwa mipando, imeneyo ndi £2,080. Khanda loyenda ulere silimawerengedwa.

Tsono apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka, ndiye mumvetsetse. Lamuloli limayang'ana kumene ndege ikunyamukira. Mukanyamuka pa bwalo la kuno ku UK, kampani iliyonse ili pansi pa lamuloli, kaya ndi ya ku Africa, ya ku Arabu, ya kulikonse. Koma pobwerera kuno, limagwira pokhapokha ngati ndege yokufikitsani ili ya kampani ya ku UK kapena ya ku EU. Popeza palibe ndege yochoka ku London kukatera ku Lilongwe kapena ku Chileka osaima pena, ambiri timadutsira ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg. Ndiye kuti popita kumudzi pa Ethiopian Airlines kapena Kenya Airways muli otetezedwa, koma pobwerera pa ndege zomwezo £520 ija palibe. Ndamvapo anthu akukalipa pa gulu la WhatsApp kuti kampani yawabera, pomwe ulendo wake unali wochoka ku Lilongwe. Pamenepo kampani sinalakwire lamulo ili. Chomwe mungatsamire ndi pangano la maiko la Montreal la 1999, lomwe limalola kufuna kubwezeredwa ndalama zimene mwawonongadi chifukwa chochedwetsedwa, monga hotela ndi chakudya. Limafuna malisiti, ndipo nthawi yake yodandaulira ndi zaka 2 zokha.

Nanga vuto likachitikira panjira? Ngati ulendo wonse, kuchoka ku London mpaka ku Lilongwe, uli pa booking imodzi, amawerengera nthawi imene mwafika kumapeto, osati pokwerera ina. Khothi la apilo la kuno linagamula zimenezi mu 2017 pa mlandu wa Gahan ndi kampani ya Emirates: ndege yoyamba ikachedwa n'kukuphonyetsani yachiwiri ku Dubai, kampani singanene kuti za kunja kwa Ulaya sizikuikhudza. Khothi la EU nalo mu 2018, pa mlandu wa Wegener ndi Royal Air Maroc, linati ulendo wa booking imodzi ndi umodzi ngakhale musinthe ndege ku Casablanca. Ichi n'chifukwa chake sindigwirizana ndi nzeru yodula ulendo pawiri pofuna kupulumutsa £80, tikiti ina yofika ku Johannesburg, ina yapadera yopita ku Blantyre. Yoyamba ikalephereka, kampani yachiwiri imangokulembani kuti simunabwere, ndipo yogula tikiti ina ndi thumba lanu.

Sikuti kukansela kulikonse kuli ndi chipukuta misozi. Akakuuzani kudakali masiku 14 kapena kuposerapo, palibe, ngakhale ufulu wobwezeredwa ndalama ya tikiti kapena kupatsidwa ndege ina ulipobe. Akakuuzani patatsala masiku osakwana 14, ndalama ilipo, kupatula ngati ndege ya m'malo mwake ikunyamuka ndi kufika pafupifupi nthawi yomweyo. Lamulo lomweli limakhudzanso ndege imene sinakanselidwe koma yakufikitsani mochedwa ndi maola 3 kapena kuposa.

Yankho loyamba limene kampani zimakonda ndi lakuti vutolo linali lopitirira mphamvu zawo, pa Chingerezi amalemba kuti extraordinary circumstances. Nthawi zina amanena zoona. Mphepo yamkuntho, chifunga, nkhondo, mbalame kulowa mu injini, sitalaka ya oyang'anira ndege mlengalenga, zonsezi si mlandu wawo. Pa 28 Ogasiti 2023 makompyuta a NATS, bungwe loyendetsa ndege m'mlengalenga mwa UK, anasokonekera, ndipo pa 21 Malichi 2025 Heathrow inatsekedwa chifukwa cha moto pa malo amagetsi ku Hayes. Masiku ngati amenewo £520 musaiyembekezere.

Koma zifukwa zambiri zimene amatchula pa chimkuzamawu si za m'gulu limeneli. Ndege kuwonongeka ndi gawo la bizinesi yawo. Minibasi ikafa pa Zalewa, kondakitala sanganene kuti ndi zakumwamba, galimoto ndi yake, kuikonza ndi kwake. Makhothi anaona chimodzimodzi: mu 2014, pa mlandu wa Huzar ndi Jet2, vuto la mawaya a ndege linagamulidwa kuti si chifukwa chothawira kulipira. Mu Julaye 2024 khothi lalikulu kwambiri la UK, pa mlandu wa banja la a Lipton ndi BA Cityflyer, linati woyendetsa ndege kudwala mwadzidzidzi nakonso si chifukwa. Banja limenelo linalimbana mpaka pamwamba penipeni chifukwa cha ndalama yochepa ya ulendo wochoka ku Milan, ndipo tonsefe tikudyerapo. Komanso udindo wopereka umboni ndi wa kampani, osati wanu. Akati kunali nyengo yoipa, afunseni kuti inali kuti, nthawi yanji, ndipo bwanji ndege zina zimanyamuka.

Kaya vuto ndi lawo kapena ayi, kukusamalirani ndi udindo wawo. Chakudya ndi zakumwa pamene mukudikira, hotela ngati mugona, ndi galimoto yokutengerani kumeneko. Zimachitika kuti pa kauntala palibe munthu, mzere wafika panja. Musagone pansi ndi ana. Pezani hotela ya mtengo wapakati, gulani chakudya wamba, sungani lisiti lililonse, mudzawatumizire. Mowa ndi hotela zapamwamba sabweza.

Pa kusankha, ganizani kawiri musanavomere kubwezeredwa ndalama ya tikiti. Mukalandira imeneyo, yomwe iyenera kubwera pasanathe masiku 7, kampani yathana nanu pa nkhani yokufikitsani, ndipo tikiti yatsopano ya mawa lake mu Disembala ikhoza kukhala kawiri mtengo wa yoyamba. Ngati mukuthamangira maliro kapena ukwati, umirirani kuti akupezereni ndege ina mwamsanga, ngakhale ya kampani ina. Chipukuta misozi chija n'chapadera, chimabwera pamwamba pa zonsezi. Za vocha nazo muchenjere. Lamulo limati ndalama, ndipo vocha amapereka pokhapokha inu mutavomera. Vocha imatha nthawi, imakumangirirani ku kampani yomweyo, ndipo lendi simungalipire nayo. Musadine batani pa foni musanawerenge chimene mukuvomera.

Kudandaula kwake si kovuta. Tsiku lomwelo jambulani bolodi yoonetsa kuti ndege yakanselidwa, sungani boarding pass, imelo kapena meseji imene anakutumizirani, ndipo lembani nthawi imene mwafikadi. Funsani wogwira ntchito chifukwa chake, mulembe zimene wanena. Mukakhazikika, pitani pa webusaiti ya kampani imene imayendetsa ndegeyo, pali fomu yake. Lembani mwachidule: dzina, booking reference, nambala ya ndege, tsiku, maola amene munachedwa, ndi kuti mukufuna £520 pa munthu aliyense pansi pa UK261. Musalembe nkhani yaitali ya mmene munavutikira, komanso musapepese.

Ambiri timagula matikiti kudzera kwa ajenti, ena olipira pang'onopang'ono. Palibe cholakwika, koma dandaulo limapita ku kampani ya ndege, osati kwa ajentiyo, ndipo ndalama ndi ya amene anayenda. Ngati munagulira amayi tikiti yobwerera kumudzi atabwera kudzaona mdzukulu, dandaulo likhale m'dzina lawo. Onetsetsaninso kuti pa booking pali imelo ndi nambala yanu. Ajenti ena amaika zawo, uthenga wa kusintha kwa ndege n'kufikira iwo, inu osadziwa kanthu. Khothi la EU linagamula mu 2017 kuti kuuza ajenti kokha sikokwanira ngati uthengawo sunafike kwa wokwera pa nthawi yake, ndiye kampani ikati "tinauza ajenti wanu", musagonje.

Akakana, kapena pakatha masabata 8 osayankha zomveka, nkhani ipititseni kwa ogamula apadera. Kuno alipo awiri, CEDR ndi AviationADR, ndipo kampani iliyonse imene inalowa imatchula kumene ili. Ngati sinalowe kulikonse, dandaulani ku Civil Aviation Authority, bungwe loyang'anira za ndege kuno ku UK, ngakhale iwo amangolangiza, sangakakamize kampani kulipira. Chomaliza ndi khothi la milandu ing'onoing'ono, lomwe ku England ndi Wales mumalembetsa pa intaneti kudzera pa Money Claim Online, osafunika loya. Ena amaopa kuti kukangana ndi kampani kuwaipitsira mapepala. Iyi ndi nkhani ya wogula ndi wogulitsa, Home Office ilibe nayo gawo, ndipo lamuloli silifunsa kuti pasipoti yanu ndi ya dziko liti.

Mudzaonanso makampani pa Facebook olonjeza kukutengerani ndalamayi. Amagwiradi ntchito, koma amadulapo gawo lalikulu, kawirikawiri limodzi mwa magawo atatu kapena kuposa, pa fomu yomwe mukanalemba nokha pa foni. Ine ndimati yambani nokha, iwowo akhale a pamapeto zikakanika. Kwa abale a ku Joni, South Africa ilibe lamulo la ndalama yoikika ngati ili, ndiye zimene ndalembazi zikukukhudzani pokhapokha mukunyamuka kuno kapena ku EU, kapena mukubwera kuno pa ndege ya kampani ya ku UK kapena ya ku EU.

Nthawi yodandaulira ndi yaitali: zaka 6 ku England ndi Wales, zaka 5 ku Scotland. Ngati pali ulendo wina umene unakuvutani zaka zapitazi, fufuzani mu imelo yanu dzina la kampaniyo, mupeze booking reference ndi tsiku lake, mulembe fomu ija sabata ino.