Chifani cha mphepo ku Likoma, ine ndinapsa nacho

Achimwene musatumize kaye ndalamazo. Nditangoona zomwe mwalemba zoti munthu wina akufuna akuikireni sola, chifani cha mphepo chopangira magetsi ndi jenseti pamodzi kuti mafuliji a nsomba asamazime ku Likoma, mtima wanga wachita kuti myuu, mawu ake ndi omwewo amene ndinauzidwa ine.

Inali 2019, sola ya EGENCO ija isanabwere, nthawi imene chilumba chonse chinkadalira majenereta a dizilo ndipo ikakwana 10 koloko usiku magetsi thii mpaka mmawa. Ndinali ndi mafuliji awiri kufupi ndi pa Mbamba, ndinkagula kampango ndi chambo kwa asodzi nkumatumiza pa Ilala ku Nkhata Bay, zina nkupitirira mpaka ku Mzuzu. Ndiye kunabwera mkulu wina wochokera kumtunda, kalaputopu m'manja, kuyankhula kokoma ngati mlaliki, akuti bwana masana dzuwa, usiku mwera, jenseti muzingoyiyang'ana ngati chokongoletsera. Ndinagulitsa injini ya boti langa kuti ndalama zikwane, mayi a kunyumba akundiletsa, ine osamva.

Miyezi iwiri zinayenda bwinobwino, sindinama. Ndiye unafika usiku wina wa July, mwera uja wokwiya umene asodzi amakokera mabwato onse kumtunda. Cha m'ma 1 koloko ndinadzidzimuka ndi phokoso ngati ndege ikufuna kutera padenga, wuuuuu, polo yonse ikunjenjemera mpaka makapu kugwa pa shelefu. Ndikutuluka ndi tochi ndili chifuwa pamtunda ndikuona chifani chija chikuzungulira moti mapiko ake osaoneka nkomwe, mu kachipinda ka mabatire fungo la pulasitiki wopserera, kabokosi ka kontirola katasungunuka mbali imodzi ngati kandulo. Ndinaima pamenepo osadziwa chozimitsa, palibe switchi ya buleki, palibe chilichonse, mwana akulira, mayi ake akukuwa kuti choka pamenepo ufa iwe. Kenako phwaaa! phiko limodzi linathyoka nkuuluka kukaboola lata la agogo oyandikana nafe, linagwera pamphasa pamene mdzukulu wawo amagona masiku onse, mwamwayi tsiku limenelo anakagona kwa azakhali ake. Mpaka lero ndikakumbukira thupi limachita tsembwe.

Inveta, kabokosi kosintha magetsi a mabatire kuti mafuliji azigwira ntchito, nayo inapita usiku womwewo. Ndati ndiyatse jenseti, mu chigubu muli dizilo wosakwana malita 5 poti ndinauzidwa kuti sindidzamufunanso, ndipo ndi mwera wotere palibe boti lotuluka, Ilala yomwe inachedwa. Magetsi a boma a maola ochepa aja sakanatha kusunga mafuliji odzaza mpaka pakamwa. Tsiku lachitatu ndinatsegula chivundikiro ndinabwerera chambuyo, madzi ofiira pansi, kampango atafewa ngati phala. Zina tinawamba msangamsanga, zambiri tinakwirira kuseri, agalu a mudzi wonse anadya Khirisimasi mu July kkkk ndikuseka lero koma tsiku limenelo ndinalira ngati mwana.

Mkulu uja? Foni yoyamba akuti ndi mphenzi. Mphenzi mu July abale, kumwamba kuli mbee! Yachiwiri akuti munalumikiza zinthu zambiri. Yachitatu nambala yomwe mwaimba siyikupezeka. Anthu ena alibe mantha ndi Mulungu, munthu wadya nsima ya kondowole pakhomo panga sabata yathunthu, ndinamulipirira tikiti ya sitima kupita ndi kubwera.

Amene anandimasulira ndi mnyamata wina wa zamagetsi amene anabwera kudzagwira ntchito pa loji ina. Anangoyang'ana zotsalazo nkugwira pakamwa, akuti anakuikirani kontirola ya sola pa chifani. Ya sola mabatire akadzadza imangodula basi, panelo silidandaula. Koma chifani ukachidula chimakhala ngati galimoto yotsika Chiweta yopanda mabuleki, chimafuna dump load, kaelementi kotentha kamene kamameza magetsi otsalawo kuti chizikhala cholemedwa nthawi zonse, komanso switchi yochiimitsira. Anandiuzanso kuti mphepo ikawirikiza kawiri mphamvu yake imakwera ka 8, ndiye mwera wa usiku uja tangoganizani. Mawaya omangira polo nawonso anali atatu owonda ngati oyanikira zovala.

Ndiye mukandifunsa ine, panopa magetsi pachilumba anasintha, siza kale zija, yambani ndi a boma omwewo, muonjezere mabatire abwino ndi inveta, ndipo ngati ndi mabatire a asidi aja musamawatsitse kupyola theka amafa msanga. Dizilo sungani dilamu ngakhale akunamizeni bwanji, munaona mmene mafuta anasowera mu 2022, kumtunda anthu akugona pa filing'i siteshoni, nanga kuchilumba? Jenseti musagule chachikulu kwambiri ayi, chikamayenda ndi katundu wochepa chimachita mwaye ndi kudontha mafuta ku ekizozi.

Koma chifanicho musachitaye, gulani ndithu. Ine ndinagulanso china chaching'ono, June ndi July kukachita mitambo mapanelo akamagona ndi chimene chimandigwirira mabatire usiku wonse. Kungoti mumufunse munthu wanuyo akuonetseni dump load ndi buleki ndi maso anu, mumupatse theka la ndalama, theka linalo adzatenge mwera ukadutsa mu August. Polo muyiike kutali ndi nyumba za anthu, ine lata la agogo aja ndinalipira malata atatu pomwe linabooka ndi limodzi, ndipo mpaka pano akandiona ku tchalitchi cha St Peter's amandifunsa kuti ndege yanu ija ili bwanji.