Mafunso a Owerenga: Mwana Akatchula Wansembe

FUNSO: Mdzukulu wanga wa zaka 14, amene amatumikira pa guwa, watiululira kuti wansembe wina amamuitanira kunyumba kwake n'kumamugwira malo obisika. Tinauza wapampando wa mphakati ndipo anati tisaulutse, akuluakulu akambirana. Patha sabata zitatu, kuli zii. Kodi Mpingo wa Katolika uli ndi njira yanji pa nkhani zotere? Gogo wodandaula, Dedza.

YANKHO: Pepani kwambiri agogo. Musadikirenso akuluakuluwo. Mawa lomwe mutengeni mwanayo ku Victim Support Unit ya polisi yapafupi, mupemphenso kalata yopita nayo kuchipatala. Ngati anagonedwa, mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72, koma ngakhale nthawiyo itadutsa kupimidwa n'kofunikabe. Mukhozanso kuimba 116, nambala yaulere yothandiza ana. Lembani mawu ake ndendende monga anawanenera, tsiku ndi malo, ndipo mauthenga a pafoni musafufute. Musamufunse mobwerezabwereza pamaso pa achibale. Mwana akafunsidwa kambirimbiri akhoza kuyamba kusintha mawu pofuna kusangalatsa womufunsa, ndiye woimira wolakwa kukhoti amapezerapo poyambira.

Tsono za mpingo. Dandaulo lanu lipite kwa episkopi wa dayosizi, molemba, ndipo kope lina musunge. Mphakati ulibe mphamvu pa mlandu uwu, ngakhale bambo mfumu sangaugamule. Lamulo limene Papa Francis anatulutsa mu 2019, Vos estis lux mundi, limakakamiza wansembe, mbulazala kapena sisitere aliyense amene wamva nkhani yotere kunja kwa sakramenti la kulapa kuti akainene msanga kwa episkopi. Linalamulanso dayosizi iliyonse kukhala ndi njira yodziwika yolandirira madandaulo, ndipo limaletsa kutseka pakamwa wodandaula. Amene anakuuzani kuti musaulutse sanalankhule m'dzina la mpingo.

Episkopi akalandira dandaulo looneka kuti lingakhale loona, amatsegula kafukufuku woyamba motsata lamulo 1717 la mpingo. Lamulo 1722 limamulola kumuimitsa wansembeyo pa ntchito za pa guwa ndi kumuletsa kukhala pamalopo kafukufuku ali m'kati. Uku sikumuweruza ayi, n'kuteteza ana ndi mboni. Zopezekazo episkopi sazisunga m'kabati: kuyambira 2001 milandu ya ansembe yokhudza ana osafika zaka 18 imatumizidwa ku Roma, ku nthambi yoona za chiphunzitso cha chikhulupiriro, ndipo nthambiyo ndiyo imanena mmene mlandu uyendere. Chilango chachikulu ndi kumuvula unsembe. Mpingo ulibe ndende yomuikamo, n'chifukwa chake tayambira kupolisi.

FUNSO: Kwathu wansembe atamvekera mbiri zotere anangosamutsidwa usiku kupita ku parishi ina. Kodi si chilango chokwanira? Mkhristu, Mzimba.

YANKHO: Si chilango m'pang'ono pomwe, ndipo apa ndi pamene mpingo unagwera m'mayiko ambiri. Ku Boston, ku America, wansembe John Geoghan anasamutsidwa parishi ndi parishi kwa zaka zambiri madandaulo akudziwika, ndipo kulikonse kumene ankafika ankapeza ana ena, makolo awo osadziwa kanthu. Nkhani itaphulika mu 2002, Kadinala Bernard Law, amene anali arkiepiskopi wa Boston, anatula pansi udindo chaka chomwecho. Kusamutsa kumatonthoza parishi yakale, n'kupereka ana atsopano m'manja mwa munthu yemweyo. Buku la malangizo limene Vatican inatulutsa mu 2020 limauza maepiskopi mosabisa kuti apewe kungosamutsa woganiziridwa ngati kuti zatha. Ngati episkopi weniweniyo ndiye akubisa, lemberani arkiepiskopi wa chigawo chanu kapena kazembe wa Papa, pakuti kubisa nakonso ndi mlandu wofufuzidwa pansi pa lamulo la 2019 lija.

FUNSO: Zinandichitikira ndili ndi zaka 12, pano ndili ndi 33. Ndinangonena polapa basi. Kodi ndachedwa? Mayi wa ku Chipata.

YANKHO: Simunachedwe mayi. M'malamulo a mpingo nthawi yodandaulira ndi zaka 20 kuwerengera pa tsiku limene munakwanitsa zaka 18, kutanthauza kufikira muli ndi 38, ndipo Roma ikhoza kulola mlandu ngakhale malirewo atadutsa. Koma dziwani kuti zimene munanena polapa sizinafike kulikonse, chifukwa wansembe saloledwa kuulula chinsinsi cha kulapa ngakhale kwa episkopi. Muyenera kuzinena kachiwiri kunja kwa sakramentilo, kwa amene dayosizi inamusankha kulandira madandaulo komanso kupolisi. Mupite ndi munthu amene mumamukhulupirira kuti akhale nanu pambali, ndipo musanatuluke mupemphe kalata yosonyeza tsiku limene alandira dandaulo lanu.