Kodi agogo ndiwo akunenepetsa mwana wanga?

Mayi wina watilembera imelo. Mwana wawo wamkazi ali ndi zaka 4, ndipo makolo akapita ku ntchito amatsala ndi agogo ake omwe amakhala nawo nyumba imodzi. Kusikelo awauza kuti kulemera kwa mwanayo kwapyola msinkhu wake. Akufunsa ngati kuli bwino kumuchotsa m'manja mwa agogowo.

Mayi, musamuchotse, ngakhale nkhawa yanu ndi yomveka. Mu 2017 akatswiri a ku yunivesite ya Glasgow anaunika kafukufuku 56 wa m'maiko 18, ndipo anapeza kuti agogo ambiri amapatsa zidzukulu zotsekemera pafupipafupi, amazidyetsa mopitirira muyeso, komanso sazilimbikitsa kusewera mokwanira. Si nkhanza ayi. Munthu amene anaionapo njala akaona mwana wa masaya odzadza mtima wake umakhala pansi. Mawondo nawo akayamba kuvuta, kumukhazika mwana pa TV kumaposa kumuthamangira pabwalo.

Koma pakhomo pamene pali akuluakulu angapo, vuto lalikulu limakhala kudya kawirikawiri popanda wodziwa. Agogo amupatsa chakudya madzulo, inu mwafika ndi bisiketi m'chikwama pomvera chisoni mwana amene simunamuone tsiku lonse, kenako akukhalanso nanu pa chakudya chausiku. Aliyense akuganiza kuti wamupatsa pang'ono. N'chifukwa chake tikupempha kuti muyambe ndi kope: kwa masiku atatu, aliyense alembe chimene wamupatsa ndi nthawi yake, inuyo ndi bambo ake omwe. Mwina kopelo lidzasonyeza kuti zambiri zikulowa usiku ndi kumapeto kwa sabata, makolo alipo.

Mukatero yambani ndi zakumwa, chifukwa shuga wa m'madzi sakhutitsa. Chitini cha kola cha mamililita 330 chimakhala ndi shuga pafupifupi magalamu 35, pamene bungwe la ku America loona za matenda a mtima la American Heart Association limati mwana wa zaka 2 kupita m'tsogolo asapyole magalamu 25 a shuga wothira pa tsiku, omwe ndi masupuni aang'ono 6. Juwisi wa m'mabokosi ndi tiyi wothira masupuni atatu ali m'gulu lomwelo. Akamva ludzu, madzi. Ndipo zimene simukufuna kuti agogo apereke musazigule. N'kulakwa kudzaza kabati ndi maswiti kenako n'kumayembekeza kuti gogo akaniza mdzukulu wake akulira.

Chakudya chikhale katatu pa tsiku, ndi zokhwasula pakamwa kawiri pa nthawi zodziwika, m'mbale yakeyake yaing'ono. Chakudya chokhutitsa chifanane ndi chibakera cha mwanayo, osati chanu, nyama kapena nsomba ngati chikhatho chake, mbali yotsalayo masamba ndi zipatso. Mawu oti “maliza kaye ndiye udzuke” athe. Wamkulu asankhe chakudya ndi nthawi, mwana anene yekha kuti wakhuta. Mwana wokakamizidwa kumaliza mbale amazolowera kusamvera mimba yake.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mwana wa zaka 3 mpaka 4 azisewera mphindi 180 pa tsiku, 60 mwa izo zikhale zothamanga mpaka kupuma mwawefuwefu, asapyole ola limodzi pa TV kapena foni, ndipo agone maola 10 mpaka 13. Agogo safunika kuthamanga. Atakhala pampando akhoza kuponya mpira kuti mwana akatole, kapena kumuwerengera akamadumpha.

Pokamba ndi agogo, musayambe ndi mlandu. Pitani nawo kusikelo akaone okha mzere wa pa khadi ndi kumva kwa namwino. Ngati ndi apongozi anu, nkhaniyi aiyambitse mwana wawo. Asiyireninso tsiku limodzi pa sabata loti amupatse kanthu kokoma poyera; mukawaletseratu, adzachita mobisa ndipo mwana adzaphunzira kukubisirani.

Musamumane chakudya kuti aonde, ndiponso musamunene za thupi lake iye akumva. Pa msinkhu uwu cholinga nthawi zambiri n'choti kulemera kuziwonjezeka pang'onopang'ono pamene iye akutalika. Koma akamaliza mkonono kwambiri usiku, khungu la m'khosi likada ndi kukhuthala, akamamva ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi, kapena akamanenepa koma osatalika, musadikire tsiku la sikelo, mupite naye kwa dokotala.